Timadontho Tofiira pa Mapu a Damu

Pamene Clifford ankakhoma loko pachitseko cha ofesi, pa Lisungwi panali patatsala agalu okhaokha. Akabaza anali atabalalika kalekale, okazinga tchipisi atavundikira ziwaya zawo, ndipo ngakhale wailesi ya pabala ija, imene sidziwa kuti anthu ena amagona, inali itatseka pakamwa. Anaima pakhonde chikwama cha laputopu chili kumsana, n'kuyang'ana uku ndi uku mumsewu, kuti mwina patulukira kagalimoto kosochera. Sipanatulukire kanthu. Anausa moyo, n'kuuyamba wapansi.

Clifford kwawo kunali ku Dowa. Ku Neno anabwerako ndi ntchito ya bungwe lina limene linkafuna kukumba damu la ulimi wamthirira, ndipo gawo lake linali la mapu. Akuluakulu a bungwelo anafika ndi kandege kopanda munthu, kakauluka pamwamba pa minda ndi tchire kujambula dera lonse, iwo n'kukwera magalimoto awo oziziritsa kubwerera kutauni. Zithunzi zonsezo anamusiyira iye. Kuyambira pamenepo Clifford ndi mpando wa mu ofesi sankasiyana, moti msana wake unaiwala kuti kuwongoka n'kutani.

Pulogalamu ya pakompyuta imene ankagwiritsa ntchito inkaonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka ndi mitundu. Potsika pankaoneka buluu, posalala pankaoneka chikasu, ndipo paliponse pamene nthaka yatukumuka pankafiira. M'mphepete mwa chithunzicho munali kamzere koimirira ka mitundu yonseyo, yondondozana, kokhala ndi tizikhomo tomwe munthu ankatigwira ndi mausi n'kutikokera m'mwamba kapena m'munsi. Ukangokoka kachikhomo kamodzi, chithunzi chonse chinkasintha maso ako akuona: pofiira pankatha kusanduka chikasu, pachikasu n'kusanduka buluu. Nthaka yeniyeniyo kunjako sinkasuntha ngakhale pang'ono. Chinkasintha ndi chimene anthu a mu ofesi aone, ndipo anthu a mu ofesi, tisanamizane, sapita kukaponda pamene aona kale pa sikirini.

Masana a tsikulo mayi Anesi, bwana wake, anaima kumbuyo kwa mpando wake akudzikupiza ndi fayilo. Katapila inali itafika kale, ndipo dalaivala wake, Gerishon, anali atanena kuti ayamba kukumba kusanache, dzuwa la Okutobala lisanayambe kuwotcha chitsulo. Chimene chinatsala ndi kumuuza pokumba. Malo analipo awiri. Ena anali kumtunda, kumiyala, kumene katapila ikanalira misozi. Ena anali m'mbali mwa msewu, otambasuka bwino, achikasu pafupifupi ponseponse, kupatula pangodya imodzi pamene panali timadontho tofiira tambirimbiri.

"Nanga tiziphuphuti n'chiyani?" anafunsa mayi Anesi.

"Mwina ndi zulu, kapena mauvuni akale a makala," anayankha Clifford.

"Ndiye tichotseni. Mapu awa akupitanso kwa otithandiza, asaoneke ngati akudwala chikuku. Mukamaliza mutumize kwa Gerishon, ayambire pomwepo."

Kunena chilungamo, Clifford anali nawo maganizo okapondako. Koma njinga yamoto ya ofesi inalibe mafuta, magetsi anazima dzuwa lili paliwombo n'kudzayaka usiku, ndipo pamene ankakhalanso pampando maso anali akumuyabwa ngati athiramo mchenga. Anali atatopa, kutopa kuja kumene munthu amasiya kusamala kuti chabwino ndi chiti, bola chithe. Anagwira kachikhomo ka chikasu n'kukakokera m'mwamba pang'ono. Timadontho tija tinayamba kufwifwa. Anakokanso, tinatsala tongooneka patalipatali. Atakoka kachitatu tinangoti zii, malo onse n'kusalala ngati mphasa yatsopano. Anatumiza mapuwo pafoni ya Gerishon ndi ya mayi Anesi, n'kutseka laputopu osayang'ananso.

Nyumba ya lendi anaipeza kutali ndi msika, chifukwa zapafupi zonse anazitenga kale a kuchipatala ndi aphunzitsi. Kuti akafike ankayenera kutsika ndi msewu wafumbi, kuwoloka kamlatho ka pamtsinje wouma, kenako kudutsa m'mbali mwa malo omwewo amene anawasalaza pa sikirini. Masana ndi ulendo woti munthu amafika asanamalize kutafuna mzimbe. Usiku umenewo msewu unkangotalika.

Kunali kotentha ngati kuti dzuwa silinalowe, langobisala kuseri kwa phiri. Tchire anali atalitentha posachedwa, ndipo fungo la lupsa linali ponseponse. Mwezi unalipo wa theka, wofiirira ndi utsi, wosathandiza kwenikweni. Clifford akaphethira ankaonabe mitundu ya pa sikirini ikuyandama kutsogolo kwake, buluu, chikasu, kufiira. Ankaganiza za mkazi wake ku Dowa, amene anamuimbira madzulo iye osayankha, komanso za buledi wouma amene ankamudikira kunyumba. Anadzifunsa, monga ankachitira kawirikawiri, kuti sukulu yonse ija anaphunzirira kudzayenda pansi usiku m'dera la eni?

Nyumba zomalizira za pamsika zinatsala m'mbuyo. Agalu aja nawo anamutaya. Kunatsala milambe yokha, itaima apa ndi apo m'mdima, ndi nsapato zake zikulira pamiyala.

Atayandikira kamlatho anaona kuti pachipupa chake pakhala munthu.

Mtima unagunda kamodzi, koma anapitiriza. Woledzera, anadziuza choncho, kapena mlonda wa katapila watsika kudzapitidwa mphepo. Atafika pafupi anaona kuti ndi bambo wamsinkhu wapakati, wowonda, wopanda nsapato. Paphewa anali atakoleka bulangete lotuwa. Bulangete, m'kutentha kumeneko!

"Mwaswera bwanji, bambo," anatero Clifford osaima.

"Taswera. Timadikira inu."

Mawuwo anali ofatsa, otsika, ndipo lilime lake linali la tsidya lina la malire. Munthuyo anatsika pachipupa n'kuyamba kumutsatira, akukoka mwendo wamanzere.

"Ndinu amene mumapaka nthaka utoto?"

Clifford anatsonya chamumtima. Ndiye ndi zimenezi. Chiyambire nkhani ya damu, panalibe tsiku limene sanaimitsidwe panjira, wina kufunsa za munda wake, wina za ganyu, wina kuti mbuzi zake zizidzamwa kuti. Onsewo ankaganiza kuti munthu wonyamula laputopu ndiye mwini bungwe. Koma mpaka usiku?

"Ine ndimangokonza mapu, bambo. Ngati ndi za munda wanu, mukaone a komiti ya damu mawa."

"Si munda."

Anawoloka kamlatho. Pansi pake panali mchenga wokhawokha, woyera mbee. Msewu unakhota n'kuyamba kukwera pang'ono. Clifford anayamba kuganiza kuti mwina munthuyo watsala.

"Madzulo ano timaoneka," anatero mawu aja kumbuyo kwake. "Kenako tinayamba kufwifwa. Kenako zii. Mwatifufutiranji?"

Thupi lonse la Clifford linachita tsemwe.

Mu ofesi anali yekha. Chitseko chinali chotseka, makatani otsitsa. Palibe anaona zimene dzanja lake linachita ndi kachikhomo kaja. Palibe!

Anawonjezera liwiro. Nsapato zake zinkamveka bwino lomwe, tswa, tswa, tswa. Anatchera khutu kuti amve za mnzakeyo. Munthu wokoka mwendo amamveka, ngakhale pamchenga. Uyu... ayi. Koma mawu ake anali pafupi, pakhutu penipeni.

"Tinathawa kale kamodzi, bambo. Usiku, ana ali kumsana. Eni dziko anatilozera pangodya paja, akuti gonani apa. Tinagona. Sitinavutitse munthu."

"Sindikudziwa zimene mukunena."

"Tsopano tithawirenso kuti?"

Clifford ankafuna kucheuka, khosi linakana. Thukuta limene linali lotentha posachedwapa linali litazizira, likutsika ndi msana. Anayesa kupemphera. Mawu a pemphero limene ankalidziwa chiyambire ubwana anathawa onse, n'kutsala loyamba lokha. Atate... Atate...

Kutsogolo kunaoneka chinthu chachikulu, chakuda kuposa mdimawo. Katapila. Inali itaima m'mbali mwa msewu, mkono wake utapindika, mano atazika m'fumbi, ikuyang'ana kumalo aja. Mlonda panalibe. Panali kampando kake kokha, katagwa chammbali.

"Kwathu ndi kuno," anatero munthu uja.

Clifford anaima. Sanafune kuima, miyendo inangoima yokha. Kumeneko kunalibe nyumba. Ankadziwa bwino, anali atayang'ana malowo pa sikirini mpaka maso kuwawa. Kunalibe nyumba, kunalibe khola, ngakhale chisakasa. Lupsa lokhalokha.

Anatulutsa foni. Anayatsa tochi.

Munthu uja anali atapatuka kale, ali chiimire m'phulusa, atatembenukira kwa iye. Ndipo kumbuyo kwake...

Anthu!

Anali atakhala pansi m'mizere. Amayi, abambo, ana ambiri. Aliyense kamtolo kake kali pamiyendo, komanga kale, ngati anthu odikira lole. Palibe ankalankhula. Palibe mwana ankalira. Onse ankangoyang'ana katapila.

"Sitikupempha zambiri," anatero wa bulangete uja. "Mutibwezere kufiira kwathu kuja. Kusanache."

Ndipo Clifford akuona ndi maso ake, anthuwo anayamba kufwifwa. Chimodzimodzi muja zinachitikira pa sikirini. Poyamba ana. Kenako amayi. Mzere ndi mzere... kufwifwa... kufwifwa... mpaka kuwala kwa tochi kunkangodutsa n'kukagwa paphulusa. Wa bulangete anatsalira pang'ono, milomo ikuyenda, mawu osamveka.

Zii.

Mayo ine!

Liwiro limene Clifford analiyatsa silinali la munthu wophunzira. Chikwama chinkamumenya kumsana. Nsapato imodzi inavuka, sanaifunenso. Anapunthwa, n'kugwa chafufumimba, foni n'kuulukira uko. Anaifufuza chokwawa. Anaipeza. Anadzuka. Sanacheuke. Minga inamukwapula kumaso, sanaimve. Njira ya kunyumba kwake anaiphonya osadziwa, ndipo atadzaona kuwala pakhomo lina kumtunda anangolunjika komweko, osasamala kuti ndi pa yani.

Pakhomopo panali mayi wachikulire, atakhala pamphasa panja, tochi ataikoleka panthambi, akulongedza malambe m'matumba kuti akumane ndi lole ya m'bandakucha. Dzina lake linali Callista. Clifford ankamudziwa pang'ono chabe, ngati mayi wosalankhulalankhula amene amagulitsa malambe kumapeto kwa msika.

"Kodi n'chiyani, bambo? Akuba?"

Clifford anapukusa mutu. Mayiyo anamutungira madzi m'kapu, iye anamwa theka, ena n'kutayikira pashati. Atakhala pathumba la malambe mtima unayamba kutsika, ndipo manyazi anayamba kukwera. Munthu wamkulu, wa dipuloma yake, kufika pakhomo la eni ndi nsapato imodzi? Anayamba kudziuza kuti ndi kutopa. Maso amene ayang'ana sikirini usana ndi usiku amaona zambiri, ndipo anthu a m'mizere aja ayenera kuti anali maso chabe. Koma bambo uja ndiye analipodi, analankhula naye. Mwina ndi wina wa m'mudzimo amene mutu suyenda bwino.

Anafotokoza zonse, mosalongosoka, kuyambira pakati n'kubwerera poyamba: za damu, za mapu, za timadontho tofiira timene anatichotsa, ndi za bambo wa bulangete wokoka mwendo.

Callista anali atasiya kulongedza.

"Mwendo wake uti?"

"Wamanzere."

Mayiyo anaika pansi dambe limene linali m'manja. Sanadabwe, sanaseke, ndipo zimenezo zinamuopsa Clifford kuposa akanakuwa.

"Mwati damulo akumba pati? Ife anatiuza kuti ndi kumiyala."

"Zasintha, mayi. Akumba m'mbali mwa msewu. Ayamba kusanache."

"Tsegulani chinthu chanucho ndione."

Laputopu inayaka, ngodya imodzi itang'aluka ndi kugwa kuja, batire ili pafupi kutha. Mapu aja anatuluka achikasu, osalala, okongola ndithu, oti otithandiza akanawaombera m'manja. Callista anasendera pafupi, atatsinzina diso limodzi.

"Msewu ndi uwu, eti? Kamlatho ndi aka. Nanga apa bwanji palibe kanthu?"

"Dikirani, mayi."

Mausi inali itatsala mu ofesi, ndiye anayendetsa ndi chala. Anagwira kachikhomo ka chikasu n'kukatsitsa. Poyamba sipanasinthe kanthu. Anatsitsanso, ndipo pangodya paja panayamba kuoneka timawanga totumbuluka. Anapitiriza mpaka kupyola pamene kachikhomoko kanali masana, kufiira n'kukhwima. Kenako anakulitsa chithunzicho, chinthu chimene masana sanadzivutitse kuchita.

Zulu siziima m'mizere. Mauvuni a makala sayang'ana mbali imodzi onse. Timadonthoto tinali totalikirapo ngati njere za mpunga, togona mondondozana, mzere pansi pa mzere, ndipo tambiri tinali tating'ono kwambiri.



"Ndi manda," anatero Clifford.

"Ndi manda a alendo," anayankha Callista. "Ife tinabwera nthawi ya nkhondo, kuchokera tsidya ilo. Tinalipo ambiri kuno, misasa mpaka kuphiri uko. Ndiye kunagwa kolera. Mlendo saikidwa m'manda a eni mudzi, eti, basi anatipatsa pangodya pamenepo. Mtendere utabwera, malole anadzatenga anthu, onse anapita kwawo. Manda opanda abale ndani amawaopa? Mitengo anadula a makala. Mitanda inadyedwa ndi chiswe. Ine ndinkalambulako chaka ndi chaka, koma mawondowa anakana. Mitumbira yatsala pang'ono kufanana ndi nthaka, woyenda pamsewu sangadziwe."

"Simunawauze a komiti?"

"Ndinawauza. Anati tamva."

Clifford anamva chisoni chachikulu, ndipo anadzida. Mvula, chiswe ndi owotcha makala zinatenga zaka zonsezo osatha kuwafafaniza anthuwo. Iye anawamaliza ndi chala chimodzi, chifukwa ankafuna akagone.

Anaimbira Gerishon. Foni inali yozima. Anaimbira mayi Anesi, inaitana mpaka kudula yokha. Anaimbanso, chimodzimodzi, abwana akagona amagona. Anayesa kutumiza mapu okonzedwawo, koma netiweki ya pakhomopo inali yongonunkhiza, uthenga unkangozungulira osapita. Anakwera pathumba la malambe, foni ataikweza m'mwamba, sizinathandize. Kwinakwake kumunsi tambala analira.

Gerishon sanali munthu wochedwa, ndipo m'foni mwake munali mapu achikasu, osalala, ochokera kwa katswiri. Chimene chinatsala ndi kupita komweko ndi miyendo, kukamuimitsa. Clifford ankadziwa zimene zidzatsatire. Mayi Anesi adzafunsa kuti katapila yaimiranji, iye adzayenera kunena kuti ziphuphu zija anazichotsa osakaziona, ndipo m'maofesi cholakwa sichikwera m'mwamba, chimatsikira kwa amene anagwira mausi. Ntchitoyo mwina ithera pomwepo. Zimenezo ankaziopa, koma chimene ankachiopa kwambiri chinali msewu uja. Kubwereranso pamene paja? Kunja kudakali mdima?

Ndiye mtima wake unagwira kanthambi kamene kanatsala.

"Mayi, bambo ajawo mukuwadziwa, eti? Amakhala kuti? Tiwadzere, akanene okha pamaso pa abwana. Ine ndekha sakandimvera."

Anafunsa, koma pansi pamtima sankalifuna yankholo.

Callista anapukuta chala chake pachitenje, ngati akuopa kudetsa galasi. Anachiyendetsa pang'onopang'ono pamizere yofiira ija, milomo ikutchula maina osatulutsa mawu. Pena ankaima, n'kupukusa mutu kuti waiwala, n'kupitiriza. Chalacho chinakaima kumapeto kwa mzere wina, pakadontho kotalikirapo kokhala ndi kena kakang'ono pambali pake.

"Amakhala apa," anatero. "Ndi Laimoni, mwamuna wanga. Anamwalira nkhondo isanathe kwathu, inu mwina mukukwawa. Kakang'onoka ndi mwana wathu. Anatsogola ndi mwanayo, bambo ake n'kumutsatira maliro asanaphwe. Anthu amandifunsa kuti ndinatsaliranji malole akupita. Ndinatsalira amenewa."

Kumunsi, kumsewu, injini ya katapila inatsokomola. Inazima. Inatsokomolanso, n'kugwira.

Callista anadzuka movutika, atagwira bondo, n'kumanga chitenje. Matumba a malambe sanawayang'anenso.

"Thamangani, bambo, ine ndikutsatani. Laimoni wayenda kale mbali yake."

Pamene Gerishon ankayatsa nyali za katapila, zinamupeza Clifford ataima kale m'phulusa pangodya paja, wefuwefu, nsapato imodzi, laputopu yotsegula ataikweza m'mwamba ndi manja onse awiri.